Ng'ombe Ziŵiri, Coko ndi Kompyuta

Mwezi uno mundilole ndikusimbireni kanthu ka m'nyumba mwanga. Ndidziŵa kuti za m'nyumba sitiyanika pabwalo, koma mwini nkhani wandilola, ndipo ndikhulupirira kuti alipo makolo ena amene akusenza mtolo wonga umene ndinasenza ine.

Munali mu Disembala 2022, mvula itangoyamba, pamene mwana wanga wamkazi anafika kumudzi ndi makalata aŵiri m'cikwama. Anali atatsiriza maphunziro a sayansi ya makompyuta pa yunivesiti, ndipo anakhoza bwino kwambiri. Madzulo titadya nsima, anayala makalatawo pa tebulo pafupi ndi nyali. Yoyamba inacokera ku kampani ina yaikulu ya ku Lusaka, yomuitana kukayamba nchito mu Januwale. Nditaona malipiro a pa mwezi, ndinavula magalasi, ndi kuwapukuta, ndi kuŵerenganso kaciŵiri. Ndalamazo zinaposa zimene ine ndimapeza ndikagulitsa nshawa ndi cimanga ca caka cathunthu. Kalata yaciŵiri inacokera ku yunivesiti. Anamupempha kuti azithandiza kuphunzitsa ana a caka coyamba, uku akupitiriza maphunziro ake, kuti m'tsogolo adzakhale mphunzitsi wokwanira wa pa yunivesiti. Malipiro ake sanafike ndi theka lomwe la a m'kalata yoyamba ija.

Mwanayo anagwada pambali pa mpando wanga nati, “Atate, ndasankha yaciŵiri.”

Abale anga, m'maso mwanga munada. Ndinakumbukira ng'ombe zanga ziŵiri za pa goli zimene ndinagulitsa mu 2018 kuti iye ayambe yunivesiti. Cicokere caka cimeneco takhala tikulima ndi khasu, kapena kubwereka ng'ombe za anzathu iwo atatha kale kulima minda yao. Ndinakumbukira ang'ono ake atatu amene anali asanatsirize sukulu, ndi denga la nyumba yathu limene usiku womwewo linali kudonthera m'beseni. Tsono ndinalankhula mau amene mpaka lero amandicititsa manyazi. Ndinati, “Mwana iwe, kodi ndinagulitsa ng'ombe zanga kuti ukagwire coko ngati ine? Uphunzitsi wandipatsa ciani ine, kupatula njinga yakutha matayala?”

Amake anangoyang'ana pansi. Mwanayo sanayankhe kanthu. Anapinda makalata ake bwinobwino, natsazika, nakagona. Patapita masiku atatu anabwerera ku tauni, ndipo kwa miyezi iŵiri tinali kungopatsana moni wa pa foni, wouma ngati cikonyo.

Codabwitsa ndi ici: ine ndakhala katekisti zaka zoposa makumi aŵiri. Caka ndi caka, pa Lamulungu lacinayi la Pasaka, la Mbusa Wabwino, ndimaimirira pamaso pa Akristu ndi kuwauza kuti asatsekereze ana ao pamene Mulungu akuwaitana. Ndinali kuganiza kuti maitanidwe ndi nkhani ya ana a eni, amene afuna kupita ku seminale kapena ku usisitere. Sindinadziŵe kuti tsiku lina adzagogoda pa citseko canga atanyamula kalata ya ku yunivesiti.

Cithunzi ca pa foni

M'nyengo ya Lenti ya 2023, amake anandipatsira foni yao ndili pa khonde. Mwana uja anali atatumiza cithunzi cakale ca Asisitere ena acizungu, ovala zovala zao za usisitere, ali pafupi ndi makina. Pansi pake analemba kuti: “Amai, muwaonetse atate. Dzina lao ndi Sister Mary Kenneth Keller.” Panalibe mau ena.

Poyamba ndinakwiya, poganiza kuti mwana afuna kundilalikira. Koma safunsa anadya phula. Ndinaitana mlongo wake wamng'ono kuti andifunire mbiri ya Asisiterewo, ndipo ndi Cizungu canga ca ku mishoni ndinaŵerenga madzulo angapo. Zimene ndinapeza ndi izi.

Asisitere Keller anabadwa pa 17 Disembala 1913 mu mzinda wa Cleveland, m'cigawo ca Ohio, ku America. Mu 1932 analoŵa cipani ca Sisters of Charity of the Blessed Virgin Mary, cimene likulu lake lili ku Dubuque, m'cigawo ca Iowa, m'mphepete mwa mtsinje waukulu wa Mississippi. Anacita malumbiro mu 1940. Kwa zaka zambiri anali mphunzitsi wamba wa ana a sukulu, monga Asisitere amene anatiphunzitsa ife, ndipo maphunziro ao a iwo eni anali kuwacita pambali, nthaŵi ikapezeka. Digiri yoyamba ya masamu anailandira mu 1943 pa DePaul University ku Chicago, ali ndi zaka pafupifupi 30. Yaciŵiri inabwera patapita zaka pafupifupi khumi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 50, msinkhu umene ambiri a ife timayamba kudandaula msana ndi kulankhula za penshoni, iwo anakakhalanso pa benci ya ophunzira pa University of Wisconsin, ku Madison. Anapita kukaphunzira cinthu cimene cinali cacilendo kwa aliyense, pakuti dipatimenti yoyamba ya sayansi ya makompyuta ku America inali itangotsegulidwa mu 1962, pa Purdue University. Pa 7 Juni 1965 analandira digiri yapamwamba koposa, ya PhD, ali ndi zaka 51. Tsiku lomwelo bambo wina, Irving Tang, analandira digiri yofanana nayo pa Washington University ku St. Louis. Aŵiriŵa ndiwo amaŵerengedwa kukhala oyamba ku America kulandira digiri yotere m'phunziro limeneli, ndipo mwa akazi woyamba ndi Asisitereŵa. Kuti timve bwino kutalika kwa nthaŵiyo, tikumbukire kuti dziko lathu linali lisanakwanitse caka cilandirire ufulu, kuti University of Zambia inayamba kulandira ophunzira mu 1966, ndi kuti pa tsiku la ufulu Azambia amene anali ndi madigiri anali pafupifupi 100 cabe.

Pa kafukufuku wao Asisitere anafunsa funso ili: kodi makina, utawaonetsa zitsanzo zingapo, angathe kupeza okha lamulo limene labisala m'zitsanzozo? Malangizo a makinawo anawalemba m'cinenero ca makompyuta cochedwa FORTRAN. Funso lomweli ndilo lili pansi pa makina amene masiku ano tikumva kuti AI.

Anabwerera kukaphunzitsa

Apa ndi pamene ndinaima kuŵerenga ndi kuyamba kuganiza. M'zaka zimenezo makampani akuluakulu ndi maboma anali kusakasaka anthu odziŵa makompyuta. Munthu wa digiri yotere akanatha kusankha malo alionse. Koma Asisitere Keller anabwerera ku Dubuque, ku Clarke College, koleji yaing'ono ya cipani cao, imene inayamba mu 1843 ngati sukulu ya atsikana pansi pa Mai Mary Frances Clarke, woyambitsa cipanico. Amuna anayamba kulandiridwa mokwanira pa kolejiyo mu 1979. Kumeneko anayambitsa dipatimenti ya makompyuta mu 1965, ndipo anaitsogolera zaka pafupifupi 20. Bungwe la boma loona za sayansi, la National Science Foundation, linawathandiza ndi madola 25,000 ogulira zipangizo zophunzitsira.

Ana a lero, amene amayenda ndi kompyuta m'thumba, sangamvetse m'mene kuphunzira kunali kuvutira masiku amenewo. Makina amodzi anali kutenga malo aakulu m'cipinda, ndipo anali odula kotero kuti masukulu ang'onoang'ono ambiri sakanatha kuwagula. Wophunzira anali kulemba malangizo ake pa pepala, kenaka mzere uliwonse anali kuuboola pa khadi lakelake. Khadi lililonse linali ndi malo a zilembo 80. Anali kunyamula mulu wa makhadi, osasokoneza ndandanda yake, kukapereka kwa woyendetsa makina, ndi kudikira maola angapo, mwina mpaka m'maŵa mwake. Akalakwitsa kacilembo kamodzi kokha, nchito yonse inali kubwerera osacitika, ndipo anali kuyambanso kudikira. Motero mphunzitsi wa nthaŵiyo anayenera kuphunzitsa mwana kuŵerenga nchito yake mofatsa, mzere ndi mzere, asanaipereke kwa makina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1964 aphunzitsi aŵiri a pa Dartmouth College, John Kemeny ndi Thomas Kurtz, anapanga cinenero cosavuta cochedwa BASIC, kuti ngakhale ophunzira amene sanali akatswiri a masamu athe kugwiritsa nchito kompyuta. Asisitere anaona ubwino wake, ndipo pamodzi ndi anzao analemba mabuku ophunzitsira pogwiritsa nchito cinenero cimeneci. Anathandizanso kukhazikitsa bungwe lochedwa ASCUE, logwirizanitsa masukulu ang'onoang'ono amene anali kugwiritsa nchito makompyuta pophunzitsa. Olemba mbiri yao amasimbanso kuti azimai amene anali ndi makanda anali kuwalimbikitsa kubwera nao m'kalasi, kuti asasiye maphunziro cifukwa cosoŵa mlezi. Anamwalira pa 10 Januwale 1985 ali ndi zaka 71. Kolejiyo, imene kuyambira 2010 imachedwa Clarke University, inacha malo ake a makompyuta dzina lao.

Sanasiye cuma, sanasiye kampani yochedwa dzina lao. Anasiya atsikana ndi azimai amene anatuluka pa kolejiyo akudziŵa cinthu cimene ambiri anali kunena kuti n'ca amuna okha.

Funso langa

Musaganize kuti ndinagonja msanga. Mwana atabwera pa Pasaka, ndinamuitana pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinamuuza cimene cinali kundivuta. Ndinati, “Mbiri ija ndaŵerenga, ndipo ndi yabwino. Koma Asisitere aja analumbira umphaŵi. Analibe ang'ono ofuna fizi, analibe denga lodontha, ndipo cipani cinali kuwadyetsa ndi kuwaveka. Iwe uli ndi abale. Lamulo lacinayi la Mulungu sunaliiŵale?”

Ndikhulupirira kuti funso limeneli n'loyenera, ndipo makolo amene amalifunsa sali adyera. Kwathu kuno mwana mmodzi akaphunzira, mudzi wonse umayang'ana kwa iye, popeza mudzi wonse unasonkha.

Iye anakhala cete kanthaŵi, akutokosa pansi ndi kamtengo, kenaka anati: “Atate, mwanena zoona. Ine sindine sisitere, ndipo ng'ombe zanu sindinaziiŵale. Koma pali cinthu cimene sindinakuuzeni. M'caka coyamba ndinalephera mayeso aŵiri otsatizana. Anzanga a ku tauni anali atazoloŵera makompyuta cicokere ku ubwana, pamene ine ndinali kufunafuna zilembo ndi cala cimodzi. Atsikana m'kalasi tinali oŵerengeka, ndipo ena anali atasiya kale. Inenso ndinalongedza katundu. Amene anandibweza anali aphunzitsi ena amene anaona kuti ndaleka kufunsa mafunso. Anandiitana ku ofesi, ndipo Loŵeruka lililonse, kwa miyezi itatu, anali kukhala nafe, ine ndi anzanga anayi, popanda wowalipira. Atate, aphunzitsi amene aja akanakhala kuti anasankha kalata yoyamba, ng'ombe zanu zikanapita pacabe.”

Ndinasoŵa coyankha. Zaka zonsezo ndinali kudzitama kuti mwana wanga anaphunzira cifukwa ca ng'ombe zanga. Sindinadziŵe kuti panali munthu wina, mwana wa eni, amenenso ali ndi makolo ndi ang'ono ake, amene anaikapo Maloŵeruka ake. Ndipo ndinakumbukira Asisitere ena okalamba a pa mishoni pathu, amene anali kunditsalitsa anzanga ataŵeruka, kuti andiphunzitse masamu ogaŵa, popeza m'maŵa ndinali kucedwa ndi ubusa wa mbuzi. Sindinafunsepo n'kamodzi komwe kuti iwo anasiya ciani kwao kuti adzakhale pa benci ndi mwana wonunkha mbuzi.

M'kalasi mwake

Mu Seputembala 2024 ndinapita ku tauni kukapimitsa maso, ndipo mwana anandipempha kuti ndikaone kumene amagwira nchito. Mukumbukira bwino caka cimeneco: cilala cinapha mbeu, madzi anatsika pa Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Titafika, cipinda ca makompyuta cinali mu mdima. Ine ndinaganiza kuti ana abalalika. Koma iye anawaloŵetsa m'kalasi wamba, natsegula mazenera, ine nandikhazika kumbuyo.

Pa bolodi analemba pulogalamu yaifupi, ya mizere yocepa. Nchito yake inali kuonkhetsa kulemera kwa matumba khumi a cimanga amene mlimi wabweretsa pa sikelo. Ndipo anati, “Lero magetsi kulibe, tsono kompyuta ndinu. Tengani pepala, mucite zimene mizereyi ikunena, osati zimene mukuganiza kuti ifuna kunena.” Ana anayamba kuŵerengera. Thumba lililonse linali la makilogalamu 50, koma onse anapeza 450 m'malo mwa 500. Thumba limodzi linali litasoŵa.

Ine ndikanakhala pamenepo ndikanangowauza yankho, monga ndimacitira ndi ana a katekisimu nthaŵi ikatha. Iye sanatero. Anali kuyenda pakati pa mabenci akufunsa: “Thumba loyamba mwaliŵerenga pa mzere uti? Makina ayambira pati kuŵerenga?” Panapita nthaŵi ndithu, kalasi ili zii. Kenaka mtsikana wina wa kumbuyo, pafupi ndi ine, anakweza dzanja mwamantha. Anati m'cinenero cimene anali kuphunziraco, cochedwa Python, kuŵerenga zinthu za pa ndandanda kumayambira pa 0, pamene pulogalamuyo inayambira pa 1, motero thumba loyamba linalumphidwa. Nkhope ya mtsikanayo inaŵala. Ndimaidziŵa nkhope imeneyo, pakuti ndaionapo kangapo pa ana anga a Cilimbitso, pamene cinthu cimene anali kungoloŵeza caloŵa mumtima.

Mwana wanga anawafunsa kuti, “Nanga pulogalamu iyi ikanakhala pa depoti yogulira cimanga, ndani akanalira?” Ana anayankha kuti mlimi. “Nanga akanadziŵa?” Anati iai. “Nanga mlandu ukanakhala wa yani: wa makina kapena wa amene analemba?”

Pambuyo pake anandifotokozera kuti phunziro lina limene amathandiza kuphunzitsa limachedwa software engineering. Anati kulemba pulogalamu yaing'ono kuli ngati kumanga khola la nkhuku, kumene munthu mmodzi atha kucita tsiku limodzi. Koma mapulogalamu a m'mabanki ndi m'zipatala ali ngati kumanga chalichi: amisiri ndi ambiri, pafunika pulani, pafunika woyendera nchito, ndipo nyumbayo idzakonzedwa zaka zambiri ndi anthu amene sanaone maziko ake. Dzina la phunziroli linafala pambuyo pa msonkhano wa akatswiri umene unacitika mu 1968 ku Garmisch, m'dziko la Germany, pamene anaona kuti mapulogalamu akuluakulu anali kucedwa kutha, kudya ndalama zambiri, ndi kutuluka ndi zolakwa. N'cifukwa cake ophunzira ake amawagaŵa m'magulu, ndipo aliyense ayenera kupereka nchito yake kwa mnzake kuti aiŵerenge ndi kuipezera zifukwa. Mutu umodzi susenza denga.

Anandiuzanso nkhani imene aphunzitsi a phunziroli amasimbira ophunzira ao m'maiko ambiri. Pakati pa 1985 ndi 1987, ku America ndi ku Canada, makina ocizira khansa ochedwa Therac-25 anaocha odwala asanu ndi mmodzi ndi mphamvu yopyola muyeso kutalitali, ndipo ena mwa iwo anamwalira. Colakwa cina cinali kuonekera pokhapokha woyendetsa makina akalemba ndi kukonza malangizo mofulumira kwambiri. Makina akale a mtundu womwewo anali ndi zochinjiriza za m'makina mwenimweni, zoletsa ngozi yotere, koma pa atsopanowo anazisiya, pokhulupirira kuti pulogalamu siingalakwe. Ndipo madandaulo oyamba atafika, opanga makinawo sanafulumire kuvomera kuti vuto lingakhale lao.

Nditamva zimenezi ndinazindikira kuti m'kalasi muja ndinamva lamulo lacisanu, lacisanu ndi ciŵiri, ndi lacisanu ndi citatu, ngakhale panalibe amene anawachula. Kusaononga moyo wa mnzako, kusamubera, kusabisa coona: zonsezi zinali m'kathumba kamodzi ka cimanga kaja. Tonsefe masiku ano timadalira anthu amene sitidzawaona. Ndalama imene mwana atumiza pa foni, zotsatira za mayeso, dzina lanu pa ndandanda ya feteleza, mbiri ya matenda anu ku cipatala, zonsezi zimadutsa m'mizere imene munthu wina analemba. Ndipo munthuyo anaphunzitsidwa ndi wina, kaya kusamala kaya kucita mwacisawawa.

Kalasi itatha, pa khomo la kaofesi kake panali mzere wa ophunzira. Wina anali mnyamata wa kumudzi amene anandiuza kuti ku sekondale anaphunzira makompyuta pa cithunzi cojambula pa katoni, ndipo kompyuta yeniyeni anaigwira koyamba atafika pa yunivesiti. Usiku ndinagona ndikumusiya mwana wanga akuconga mapepala ndi nyali ya sola, pambali pali mabuku a maphunziro ake a iye mwini.

Cimene ndinaphunzira

M'maŵa mwake, popita ku siteshoni ya basi, ndinamuuza kuti, “Mwana wanga, usiku uja ndinalakwa. Undikhululukire.” Iye anagwira cikwama canga ndi manja aŵiri nati, “Atate, musatero. Coko ndinaciona koyamba m'manja mwanu.”

M'basi ndinalingalira mau amenewo njira yonse. Ndinaona kuti cimene cinalankhula usiku uja sicinali umphaŵi wokha. Pamene ndinati “coko ngati ine,” ndinaulula kuti mumtima mwanga ndinali kuipeputsa nchito yanga. Ndinali kuiyamikira pa guwa, koma kunyumba ndinali kuiŵerengera ngati nchito ya munthu amene zina zinamukanika. Mwana amene anakula akundiona ndikupalasa njinga kupita ku masiteshoni akutali, iye anaiona ngati cinthu coyenera kusirira. Ine mwini wake ndi amene ndinali nditaleka kuiona motero.

M'caka comwe cija ca 1965, pa 28 Okutobala, Msonkhano Waukulu Waciŵiri wa ku Vatican unatulutsa cikalata conena za maphunziro acikristu, cochedwa Gravissimum Educationis. M'menemo Eklezia amaŵerengera uphunzitsi ngati maitanidwe enieni, ofunika nzeru, mtima, ndi kukonzekera bwino, ndipo amalimbikitsa acinyamata kuti audzipereke. Sananene kuti ndi uphunzitsi wa katekisimu wokha. Asisitere Keller anamva zimenezi bwino, ndipo anatumikira Mulungu ndi makhadi oboola monga ena amamutumikira ndi jekeseni kapena khasu.

Sindifuna kukunamizani kuti zonse zinatha bwino ngati nthano. Ng'ombe sizinabwerere. Denga tinakonza mbali imodzi, mbali ina ikali kudontha. Anzake amene anapita ku makampani ena agula kale magalimoto, ndipo akadza kumudzi anthu amandiyang'ana ndi maso ofunsa. Njira imene anasankha ndi yaitali, pakuti kuti munthu akhazikike pa uphunzitsi wa pa yunivesiti afunika digiri yaciŵiri, ndipo kaŵirikaŵiri yacitatu. Mwezi uliwonse amatumiza kangacepe kothandiza fizi ya mng'ono wake, ndipo sanaphonyepo. Sindinenanso kuti amene asankha nchito ya ku kampani acimwa. Iwonso amatumikira, ndipo pali mabanja amene njala yafika pakhosi, kotero kuti mwana sangacitire mwina. Aliyense ayenera kupima yekha pamaso pa Mulungu.

Koma kwa inu makolo anzanga ndinena ici. Tonse timafuna kuti ana athu akakumane ndi mphunzitsi wabwino, wodekha, wodziŵa nchito yake, amene adzaona mwana wathu akayamba kufooka. Nanga mphunzitsi ameneyo adzacokera m'nyumba ya yani, ngati aliyense wa ife akana kuti wake asagwire coko? Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati ana anzeru onse athamangira kumene kuli ndalama, amene adzatsale kuphunzitsa adzakhala okhawo amene anasoŵa kopita, ndipo ndi iwo adzaumbe anthu olemba mapulogalamu osunga ndalama zathu ndi miyoyo yathu. Mwana wanu akadzabwera ndi makalata aŵiri, nenani nkhaŵa zanu poyera, pakuti ndi zoona. Muuzeni za fizi ndi za denga. Koma mumufunsenso funso limene ine ndinaiŵala kufunsa: “Cakucititsa kusankha imeneyi n'ciani?” Ndipo mudikire yankho.

Kwa inu acinyamata, makamaka atsikana amene mumauzidwa kuti masamu ndi makompyuta ndi za anyamata, kumbukirani Asisitere aja amene anakhala pa benci ya ophunzira ali ndi zaka pafupifupi 50. Ndipo inu amene munathandizidwa ndi mphunzitsi wina pamene munali pafupi kusiya, ngati akali moyo, mulembereni kalata mwezi uno.

Pa Khrisimasi yapitayi ndinamugulira mwana wanga bokosi la coko pa golosale ya pa mishoni. Anaseka mpaka misozi, nati kwao amalembera ndi maka pa bolodi loyera. Komabe analitenga, ndipo amake andiuza kuti lili pa tebulo la mu ofesi yake.

Tiwapempherere aphunzitsi athu onse, a ku pulaimale, a ku sekondale, a ku yunivesiti ndi a m'machalichi, kuti Yesu Mphunzitsi awapatse kudekha ndi mtima wosatopa.